Chitetezo cha M'thupi Chikaukira Mwini Wake: Kuyeza Magazi pa Matenda a Addison

Ambiri a ife tinayezetsapo magazi kuti tidziwe ngati tili ndi kachilombo ka HIV kapena ayi. Amakubaya pachala n'kudontheza magazi pakapepala, iwe n'kumadikira mtima uli m'mwamba. Chimene ambiri sitidziwa n'chakuti kapepala kaja sikafunafuna kachilomboko. Kamafunafuna ma antibody, timapuloteni timene chitetezo cha m'thupi chimapanga chikakumana ndi mdani. Mdani aliyense ali ndi ma antibody akeake: olimbana ndi chikuku sagwira HIV, ndipo olimbana ndi HIV sagwira chikuku. Choncho dokotala akapeza ma antibody a mtundu wakutiwakuti, amadziwa mdani amene thupi lakhala likulimbana naye ngakhale kuti sanamuone ndi maso.

Pali kuyeza kwina kwa magazi kumene kumatsata nzeru yomweyi, koma mdani amene kumaulula sachokera kunja ayi. Ndi chiwalo cha mwini thupi. Nthawi zina chitetezo chimasokonezeka n'kuyamba kuwononga zimene chimayenera kulondera, ndipo matenda otere madokotala amawatcha autoimmune. Ena mwa matendawa amagwira tiziwalo tiwiri totchedwa adrenal, timene timakhala pamwamba pa impso, kena kumanja kena kumanzere. Tiziwaloti tikawonongeka, munthu amadwala matenda a Addison. Kuyeza ma antibody sikumuuza dokotala ngati munthu ali ndi matendawa. Kumamuuza chimene chawayambitsa, ndipo m'dziko ngati lathu, momwe chifuwa chachikulu sichisowa, yankho la funso limeneli limasintha chithandizo chonse.

Kusekondale, pa phunziro la Biology, tinaloweza kuti adrenal amatulutsa adrenaline, homoni imene imathamangitsa mtima galu akakulumphira. N'zoona, koma adrenaline amachokera pakati pa kachiwaloko, ndipo munthu angathe kukhala ndi moyo popanda mbali imeneyo. Mbali imene sangakhale nayo moyo itawonongeka ndi yakunja, yokuta ngati khungwa, yotchedwa cortex. Kachiwalo konseko kamalemera magalamu 4 kapena 5, ngati shuga wa pa kasupuni ka tiyi, koma khungwa lakelo limapanga mahomoni awiri ofunika kwambiri. Yoyamba ndi cortisol, amene amasunga shuga m'magazi pamene munthu sanadye ndiponso amathandiza kuti BP isatsike. Thupi likakumana ndi malungo, ngozi, opaleshoni kapena kubereka, limatulutsa cortisol wochuluka kuti lipirire. Yachiwiri ndi aldosterone, amene amalamula impso kuti zisunge mchere ndi madzi, n'kutaya potassium wopitirira muyeso.

Dzina la matendawa linachokera kwa Thomas Addison, dokotala wa pa Guy's Hospital mumzinda wa London, amene anawafotokoza m'chaka cha 1855. Iye anaona odwala ofooka, a mtima wogunda mopanda mphamvu, khungu lawo litada modabwitsa. Atamwalira, anapeza kuti tiziwalo tawo ta adrenal tinali titawonongeka, ndipo mwa ambiri chinatiwononga ndi chifuwa chachikulu. Masiku amenewo munthu akagwidwa ndi matendawa kunali kudikira imfa basi. Zinthu zinasintha m'zaka za m'ma 1930 ndi 1940, akatswiri atakwanitsa kupatula ndi kupanga mahomoni a mu cortex, ndipo mu 1950 Edward Kendall, Tadeus Reichstein ndi Philip Hench analandira mphoto ya Nobel chifukwa cha ntchito imeneyi.

Chifuwa chachikulu chitachepa ku Ulaya, matenda a Addison sanathe. Madokotala ankapezabe odwala amene tiziwalo tawo tinafota popanda kachilombo kalikonse. Mu 1957 ofufuza a ku Glasgow, m'dziko la Scotland, anapeza ma antibody olimbana ndi adrenal m'magazi a odwala ena otere. Koma panapita zaka 35 anthu asanadziwe chinthu chenicheni chimene ma antibody amenewo ankagwira. Mu 1992 Ola Winqvist, Anders Karlsson ndi Olle Kämpe a ku Uppsala, m'dziko la Sweden, anasonyeza kuti ndi enzyme yotchedwa 21-hydroxylase, kapuloteni kamene maselo a mu cortex amagwiritsa ntchito popanga cortisol ndi aldosterone yemwe. Kuyeza kumene kumachitika lero kunachokera pamenepo. Ku Ulaya tsopano odwala 8 kapena 9 pa 10 alionse a matenda a Addison, gwero lake ndi chitetezo chawo chomwe.

Mmene matendawa amabisalira

Chitetezo sichiwononga tiziwaloti tsiku limodzi. Zimatenga miyezi kapena zaka, ndipo zizindikiro zimaonekera bwino pamene pafupifupi magawo 9 pa 10 a cortex atha kale. Zizindikiro zakenso n'zofanana ndi za matenda ena ambirimbiri: kutopa kosatha ngakhale munthu wagona mokwanira, kusafuna kudya, kuonda, mseru, kusanza, kupweteka kwa m'mimba, ndi chizungulire akaimirira mwadzidzidzi. Ambiri amalakalaka mchere, mpaka kumaunyambita pachikhatho.

Tangoganizani mtsikana wa Fomu 3 amene wayamba kuonda, kugona m'kalasi ndi kukomoka pa asembule. Kwathu kuno anzake ayamba kunong'onezana za HIV kapena za mimba. Kunyumba amugulira mankhwala a malungo kawiri katatu, ndipo zikakanika wina atchula za kulodzedwa. Mphunzitsi naye anena kuti ndi ulesi. Ine amene ndikuphunzira zauphunzitsi, mbali imeneyi ndi imene imandikhudza, chifukwa mphunzitsi ndi amene amaona mwana masiku asanu pa mlungu, ndipo ndi amene angazindikire msanga kuti mwana wolimbikira uja wasintha. Sindikunena kuti mwana aliyense wotopa ali ndi matenda a Addison. Ndi matenda osowa zedi: ku Ulaya, kumene anawerengedwa bwino, amapezeka mwa anthu pafupifupi 100 mpaka 140 pa 1 miliyoni. Koma mwana amene malungo, HIV ndi kuchepa kwa magazi zayezedwa osapezeka, iye n'kumafookerabe, ayenera kubwerera kwa dokotala, osati kupatsidwa chibalo.

Chizindikiro chimene chimasiyanitsa matendawa ndi ena ndi kuda kwa khungu, ndipo chifukwa chake n'chosangalatsa kuchimva. Kunsi kwa ubongo kuli kachiwalo kotchedwa pituitary, kamene kamatumiza homoni ya ACTH kukalamula adrenal kuti apange cortisol. Cortisol akapanda kubwera, pituitary imawonjezera ACTH, ngati kapitawo amene akukuwa kwambiri poona kuti antchito sakuyankha. ACTH wochulukayo amadzutsanso maselo opanga mtundu wa khungu. Kwa mzungu zimaonekera patali, chifukwa amaoneka ngati wapsa ndi dzuwa. Kwa ife akhungu lakuda kale, m'pofunika kuyang'ana malo ena: mizere ya m'zikhatho, nkhama, mkati mwa masaya, lilime, ndi zipsera zatsopano zimene zimada kuposa zakale. Nthawi zina chimathandiza ndi chithunzi cha chaka chatha, kapena mawu a mayi akuti "mwanawe, wada bwanji masiku ano?"

Dokotala akakayikira, sayamba ndi ma antibody. Amayamba ndi funso lakuti kodi tiziwaloti tikugwira ntchito? Amatenga magazi m'mawa, cha m'ma 8 koloko, chifukwa imeneyo ndi nthawi imene cortisol amakhala wochuluka mwa munthu wabwinobwino. Akapezeka wochepa pamene ACTH ali wokwera, ndiye kuti vuto lili mu adrenal. Kawirikawiri sodium amapezekanso wotsika, potassium wokwera. Pofuna kutsimikiza, amabaya wodwala ma microgram 250 a ACTH wopangidwa kufakitale, wotchedwa Synacthen, n'kuyezanso cortisol pakapita mphindi 30 kapena 60. Tiziwalo tamoyo timayankha potulutsa cortisol wambiri, towonongeka sitiyankha. Koma wodwala akafika ali kayakaya, amangotenga magazi n'kuyamba chithandizo nthawi yomweyo, zotsatira zimupeze ali pa mankhwala kale.

Chimene ma antibody amaulula

Zikatsimikizika kuti ndi matenda a Addison, m'pamene funso lachiwiri limabwera: watiwononga ndani? Wodwala amatengedwa magazi pang'ono pamtsempha wa pamkono, nthawi ina iliyonse ya tsiku, ndipo safunika kukhala ndi njala. Ngakhale atayamba kale kumwa mankhwala obwezeretsa cortisol, kuyezaku kumathekabe. Ku labotale amasakaniza madzi a m'magaziwo ndi 21-hydroxylase yopangidwa ndi akatswiri, yoikidwa chizindikiro chimene makina angathe kuwerenga. Ngati m'magazimo muli ma antibody olimbana nayo, amaimatirira, ndipo makina amayeza kuchuluka kwa imene yagwidwa. Njira yakale inali yothira madzi a m'magaziwo pa kachidutswa kopyapyala ka adrenal n'kuyang'ana pa maikulosikopu ngati pakuwala. Njira yatsopanoyi imapeza odwala ambiri kuposa yakaleyo, koma imachitika m'ma labotale akuluakulu okha, moti magazi amachita kutumizidwa ndipo zotsatira zimatenga masiku.

Chinthu china chimene chinandidabwitsa powerenga n'chakuti ma antibody amenewa si amene amawononga tiziwaloti. Enzyme ija imakhala mkati mwa selo, kumene ma antibody safikako mwapafupi. Owononga enieni ndi maselo ena a chitetezo otchedwa T, abale ake a CD4 amene timawamva kawirikawiri. Umboni wina umachokera kwa amayi oyembekezera amene ali ndi matendawa: ma antibody awo amadutsa n'kulowa m'magazi a mwana, koma mwanayo amabadwa ndi adrenal wabwinobwino, ndipo ma antibody aja amatha okha pakapita miyezi. Choncho tingati ali ngati mapazi a wakuba m'munda. Mapazi sanabe chimanga, koma amasonyeza amene anadutsa.

Akapezeka mwa munthu amene cortisol wake watsika kale, nkhani ya gwero yatha. Palibenso chifukwa chofunafuna chifuwa chachikulu kapena khansa mu adrenal. Koma pomwepo dokotala amatsegula maso pa ziwalo zina, popeza chitetezo chimene chalakwira chiwalo chimodzi chimakonda kulakwiranso china. Pafupifupi theka la odwala otere amakhala ndi matenda ena a autoimmune, kapena amadzawapeza patsogolo. Ofala kwambiri ndi a chithokomiro. Ena ndi matenda a shuga a mtundu woyamba, kuchepa kwa magazi kobwera chifukwa chosowa vitamini B12, mawanga oyera apakhungu, ndipo kwa amayi, kusiya kusamba asanafike zaka 40. N'chifukwa chake odwalawa amayezedwa chithokomiro, shuga ndi B12 chaka ndi chaka.

Ubale umenewu umayendanso chobwerera. Munthu wa shuga wa mtundu woyamba amene shuga wake wayamba kutsika pafupipafupi, pamene insulin sanawonjezere ndipo akudya monga kale, mwina cortisol ndi amene akumuthera. Wina amene wayamba kumene mankhwala a chithokomiro n'kudwalika m'malo mopeza bwino, nayenso ayenera kuyezedwa, chifukwa mankhwala amenewo amafulumizitsa kutha kwa cortisol m'thupi. Kwa anthu otere kuyeza ma antibody kungathe kuchenjeza matenda asanafike poipa. Akapezeka mwa munthu amene adrenal wake akugwirabe ntchito, sikuti munthuyo adwala ndithu. Ena amakhala nawo zaka zambiri osadwala, ena amadwala, makamaka ana. Chimene chimachitika n'chakuti amamuyeza cortisol nthawi ndi nthawi, n'kumuphunzitsa zizindikiro zoti azisamala nazo. Koma munthu wathanzi, wopanda matenda ena a autoimmune, palibe chifukwa choti awonongere ndalama pa kuyezaku.

Nanga akapanda kupezeka? Apa ndi pamene munthu angalakwitse n'kuganiza kuti wapulumuka. Ngati cortisol ali wotsika, matenda alipo ndithu, kungoti gwero lake silinadziwike. Odwala ena ochepa a mtundu wa autoimmune sapezeka ndi ma antibody, makamaka amene adwala zaka zambiri. Koma kawirikawiri zotsatira zotere zimatanthauza kuti dokotala afufuze kwina. Amajambula m'mimba ndi makina a CT. Tiziwalo towonongedwa ndi chitetezo timaoneka tofota, pamene togwidwa ndi chifuwa chachikulu timatupa poyamba, kenako n'kuuma ngati timiyala. Tizilombo tina timene timagwira anthu a HIV amene chitetezo chawo chatsika kwambiri tingathenso kuwononga adrenal, chimodzimodzinso khansa yofalikira kuchokera kumapapo kapena kubere. Kwa mnyamata wopanda ma antibody, madokotala amayezanso matenda ena akumtundu otchedwa adrenoleukodystrophy, amene amagwira ubongo ndi msana.

Kumadera kumene chifuwa chachikulu ndi HIV n'zofala, monga kuno kum'mwera kwa Sahara, ziwerengero za ku Ulaya zija sitingazitengere mmene zilili. Chifuwa chachikulu chikadali pakati pa zifukwa zikuluzikulu za matendawa. Izi sizikutanthauza kuti mtundu wa autoimmune kulibe mu Africa. Ofufuza a ku yunivesite ya Cape Town, mu lipoti lawo la mu 2010, anapeza ma antibody mwa pafupifupi theka la odwala a ku South Africa amene anawayeza, ngakhale kuti ambiri mwa odwalawo anali azungu. Kudziwa gwero kuli ndi phindu lenileni. Ngati ndi chifuwa chachikulu, wodwala afunika mankhwala ake kwa miyezi yosachepera 6 pamwamba pa mahomoni. Ndiponso rifampicin, mmodzi mwa mankhwala a chifuwa chachikulu, amachititsa chiwindi kuphwanya cortisol msanga, moti mlingo wa mahomoni umayenera kukwezedwa nthawi yonse imene akumwa mankhwalawo. Zikapanda kutero, mankhwala ochiza matenda amodzi angamugwetse ndi enawo.

Kusiyana kwa magwero awiriwa kunalowapo ngakhale m'ndale. John F. Kennedy anapezeka ndi matenda a Addison mu 1947, atadwala mwadzidzidzi ali paulendo ku London. Pa kampeni ya upulezidenti wa dziko la America mu 1960, omutsutsa anaulula za matendawa. A kumbali yake anayankha kuti iye sanadwalepo matenda a Addison monga amafotokozedwera kale, ndiye kuti kuwonongeka kwa adrenal ndi chifuwa chachikulu. Pa mawu okha sananame, popeza chifuwacho analibedi. Koma kwa ine kumeneko n'kubisa choonadi kuseri kwa mawu oona. Madokotala amene anadzawerenga mapepala ake a kuchipatala patapita zaka zambiri anaona kuti analinso ndi vuto la chithokomiro, ndipo mlongo wake Eunice nayenso anali ndi matenda a Addison, zimene zimaloza ku mtundu wa autoimmune. Kuyeza 21-hydroxylase kunabwera patapita zaka pafupifupi 30 iye ataphedwa mu 1963.

Pali njira inanso yosowera cortisol imene ma antibody sangaione, ndipo ndi yofala kuposa zonsezi. Munthu akamwa prednisolone kapena dexamethasone kwa milungu yoposa itatu kapena inayi, adrenal wake amagona, poti thupi likulandira homoni kuchokera kunja. Akasiya mwadzidzidzi, amatsala wopanda wakunja, wopandanso wake. Mafuta ena oyeretsa khungu ali ndi mankhwala a gulu lomweli, ndipo owadzola thupi lonse kwa nthawi yaitali angakumane ndi vuto lomweli. Mankhwala otere amasiyidwa pang'onopang'ono, dokotala akutsogolera.

Zokhudza ife a mumpingo

Chithandizo cha matenda a Addison n'kubwezeretsa zimene thupi laleka kupanga. Munthu wamkulu amamwa hydrocortisone wa mamiligalamu 15 mpaka 25 patsiku, wogawidwa kawiri kapena katatu, wambiri m'mawa, komanso kapiritsi ka fludrocortisone m'malo mwa aldosterone. Amamwa moyo wake wonse, ndipo akamatsata bwino amaphunzira, amagwira ntchito ndi kubereka ngati wina aliyense.

Ife a Adventist timakonda uthenga wa zaumoyo, ndipo n'chinthu chonyaditsa. Koma malangizo abwino kwa anthu ambiri angathe kuvulaza m'bale kapena mlongo amene ali ndi matendawa. Timaphunzitsa kuchepetsa mchere, ndipo kwa anthu a BP yokwera n'zoona. Wodwala Addison amataya mchere mumkodzo, choncho sayenera kuletsedwa, makamaka m'nyengo yotentha ya October ndi November pamene thukuta limachuluka. Timaitanidwa kusala kudya ndi kupemphera. Iye ayambe wafunsa dokotala wake, chifukwa shuga wake amatsika msanga, ndipo mapiritsi sasalidwa ngakhale tsiku limodzi. Timakondanso kulangizana za adyo, mandimu ndi chamwamba kuti "chitetezo chikwere". Zakudya zimenezi zilibe cortisol, ndipo pa matenda ano chitetezo sichinafooke, chinangolakwitsa mdani. Chimene ndimaopa kwambiri ndi umboni uja timaumva nthawi zina, wakuti munthu anapemphereredwa n'kutaya mankhwala. Tiyeni timupempherere m'bale wathu ndi mtima wonse, uku akumwa mankhwala ake. Wodwala Addison akawasiya angathe kumwalira m'masiku ochepa.

Ngozi yaikulu imabwera pamene wadwala matenda ena. Thupi la munthu wabwinobwino limawonjezera lokha cortisol likagwidwa ndi malungo, koma lake silingathe. N'chifukwa chake amaphunzitsidwa kuwirikiza kawiri mlingo wa hydrocortisone thupi likatentha. Akayamba kusanza kapena kutsegula m'mimba moti mapiritsi sakukhala, afunika jakisoni wa hydrocortisone wa mamiligalamu 100 nthawi yomweyo, kenako diripi ya madzi a mchere kuchipatala. Apo ayi BP imagwa, amasokonezeka mutu, n'kukomoka. Zoterezi zingachitike usiku ku hositelo kapena ku msonkhano wa misasa, kutali ndi makolo ake. Wogona naye chipinda chimodzi, woyang'anira hositelo ndi mtsogoleri wa achinyamata ayenera kudziwa kumene amasunga jakisoni wake ndi kakhadi kolembedwa dzina la matenda ndi mankhwala amene amamwa. Pofika naye kuchipatala, asaime pamzere. Apereke kakhadiko kwa namwino woyamba amene akumane naye, n'kunena kuti wodwalayu ali ndi matenda a Addison, wakhala akusanza, ndipo mapiritsi ake omaliza anamwa nthawi yakutiyakuti.